Zikomo a ku Katete, munatilandira ngati abale

Munthu wa ku Chinyonga akafuna kukafika ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, amayenera kulawira. Minibasi imamutula ku Wenela kukadali kachisisira, basi imadutsa pa Zalewa, Ntcheu ndi Dedza mpaka ku Lilongwe, kenaka amakwera ina ya ku Mchinji. Pachipata cha Mwami, pomwe kuyambira mu Disembala 2022 maofesi a Malawi ndi Zambia akugwirira ntchito pamalo amodzi, amamudindira pasipoti, basi wasanduka mlendo. Ife tinayenda ulendo umenewu, ndipo chomwe tikuyamika n'chakuti chilendo chathu chinathera pachidindo pomwepo.

Ku Chipata, tauni yomwe azungu ankaitcha Fort Jameson, wakabaza amakupatsa moni m'chinenero chomwe unayamwira. Iwo amati Chinyanja, dzina lomwe ife tinalisiya mu 1968 pamene boma linasankha kuti chizitchedwa Chichewa, ndipo polemba amachotsa h, n'kulemba Cinyanja. Koma khutu silimva malire. Ngakhale ndalama n'zapachibale: kwacha yawo inayamba mu 1968, yathu mu 1971. Yathu imagawika m'matambala, mbalame yolengeza kuti kunja kwacha, pomwe yawo imagawika mu ngwee, liwu lomwe timanena kukayera. Wailesi ya boma lawo, ZNBC, imaulutsa m'zinenero zisanu ndi ziwiri za m'dzikomo, ndipo Chinyanja chili pomwepo.

Chomwe tinapitira ku Mkaika ndi mwambo wa Kulamba, womwe umachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti. Patsikuli mafumu a Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amafika kwa Kalonga Gawa Undi kudzapereka ulemu ndi mphatso, komanso kudzamufotokozera mmene anthu awo akukhalira. Mayina atatu a mfumuyi ndi ntchito zake: Kalonga amalonga mafumu, Gawa amagawa malo, Undi amafungatira anthu ake. Boma la atsamunda linaletsa mwambowu mu 1934, ndipo unakhala zii kwa zaka 50 kufikira pomwe Gawa Undi wa nthawiyo anaudzutsa mu 1984. Taganizani: ana omwe anauona komaliza anali atamera imvi pamene ng'oma zinaliranso pa Mkaika. Anthu amene anasunga mwambowu m'mitima zaka zonsezo, n'kuuza adzukulu awo mmene unkayendera, ndi oyamba kulandira kuthokoza kwathu.

Pabwalo m'pamene munthu amamvetsa kuti malire anajambulidwa ndi anthu omwe sankatidziwa. Gule wochokera ku Dedza amatuluka, akangolowa kubwera wa ku Tete, kenaka wa ku Chadiza, ndipo amayi oyimbira savutika kupolokozana. Makanja amayenda pamwamba pa mitu ya anthu, kasiyamaliro amazungulira fumbi lili koboo, anamwali omwe angotuluka m'tsimba amavina mitu ili pansi mwaulemu. Bungwe la UNESCO linazindikira Gule Wamkulu mu 2005 ngati chuma cha anthu onse a padziko, ndipo linatchula mayiko atatuwa pamodzi. Mu 2007 atsogoleri atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhala pabwalo lomweli tsiku limodzi.

Komabe chimene chinatikhudza kwambiri sichinali pansanja ya akuluakulu. Chinali m'midzi yozungulira. Khamu lomwe limafika ku Mkaika silingakwane m'nyumba zogona alendo za pa Katete, motero ambiri amagona m'misasa ya udzu kapena pakhonde la munthu yemwe sanamuonepo. Mayi wina anatitungira madzi osamba, natipatsa mphasa, ndipo titatulutsa ndalama anaikana mpaka tinachita manyazi. Nsima yake inali ya mgaiwa, ndiwo zake chigwada chotendera. Sanatifunse mtundu wathu. M'gulu lathu munali Mlomwe ndi Myao, monga zimakhalira ukatenga anthu a mumzere umodzi wa nyumba ku Chinyonga, ndipo onse anasamba m'manja m'beseni limodzi. Anangofuna kudziwa ngati mvula inagwa bwino kwathu, ndiponso ngati abale athu anapulumuka pa namondwe wa Freddy, yemwe anagumula phiri la Soche mu Malichi 2023. Nkhani ya ku Chilobwe, m'munsi mwa phirilo, ankaidziwa.

Sitikunena kuti zonse zinali myaa. Khamu lotere limafuna madzi ndi zimbudzi zochuluka kuposa zomwe mudzi ungakwanitse, ndipo pamenepa maboma atatu onse ayenera kuikapo dzanja, osasiyira eni mudzi okha. Nafenso alendo tili ndi pokonza. Ena mwa ife ankathamangira gule ndi mafoni mpaka kumutsekera njira, ngati kuti chilombo ndi chidole chojambulitsa. Akuluakulu osungitsa bata ankawabweza mofatsa, popanda kunyoza dziko lomwe achokera, ndipo kuleza mtima kumeneko tinakuona.

Tiyamikenso a bungwe la Chewa Heritage Foundation kuno kwathu, omwe chaka ndi chaka amasonkhanitsa mafumu ndi magulu a zovina kuti Malawi akaonekere ku Mkaika. Kunyamula gule kuchoka ku Kasungu kapena ku Lilongwe n'kumuwolotsa malire si ntchito yamasewera, chifukwa pamafunika galimoto, chakudya, zikalata ndi chinsinsi cha kudambwe chomwe sichiyenera kuululika panjira.

Pobwerera, mayi uja anatiperekeza mpaka pamsewu waukulu wopita ku Chipata, atasenza kathumba ka mtedza. Anatipatsa basi itaima kale, kuti tisapeze mpata wokana. Mtedzawo unafika ku Chinyonga, ndipo tinagawira anansi a nyumba zitatu.