Dedza si msika wa kachewere chabe

Mufunseni munthu aliyense woyenda pa msewu wa Lilongwe ndi Blantyre kuti ku Dedza kuli chiyani. Yankho lake silichedwa: kuli mphepo ndi kachewere. Zoonadi, zonsezi ziliko. Koma ine ndikuti tikalola kuti mbiri ya boma limeneli ithere pa thumba la mbatata, ndiye kuti tikutaya chuma chimene sitidzachitolanso.

Tiyeni tiyambe ndi malo enieniwo. Tauni ya Dedza ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe, ndipo ndi tauni yokwera kuposa ina iliyonse m'dziko muno. Phiri limene yatsamira ndi lalitali mamita 2,198. Koma boma lomweli limatsetsereka kudzera pa Khwekhwerere mpaka ku Golomoti, Mua ndi Mtakataka kufupi ndi nyanja. Kumtunda n'kozizira, kumunsi n'kotentha, ndipo konse kuwiri makolo anasiyako mapazi awo.

Kumtunda, m'mapanga a ku Chongoni ndi m'mapiri ozungulira, muli malo 127 amene anthu akale anajambula pa miyala. Zojambula zofiira ndi za Akafula, alenje amene analipo Achewa asanafike. Zoyera ndi za Achewa, ndipo zimakhudza chinamwali, kupempha mvula ndi nyau. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Kodi ndi ana angati a ku Linthipe kapena kwa Kaphuka amene aphunzitsi awo anawatengerako ku Chentcherere, Namzeze kapena Mphunzi?

Kumunsi nako, pafupi ndi Mtakataka, kuli Mankhamba, kumene kunali likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi. Katswiri wofukula zakale, a Yusuf Juwayeyi, anapezako mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ya njovu ndi mapale a mbale za ku China. Tanthauzo lake n'losachita kufunsa: anthu a kuno ankachita malonda ofika kunyanja yamchere kale kwambiri David Livingstone asanaione nyanja yathu mu 1859. Amene amatiuza kuti mbiri yathu inayamba ndi azungu akaone ku Mankhamba.

Nawo malire ali ndi nkhani. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 linadula dziko la Angoni a kwa Maseko pakati, phiri lawo la Domwe n'kutsala ku Mozambique. N'chifukwa chake munthu wa ku Dedza ndi wa ku Angonia amalankhula chinenero chimodzi, amakwatirana, amaikana maliro. Nkhondo itakula ku Mozambique cha m'ma 1986, anthu miyandamiyanda anathawira kuno, ndipo eni mudzi anawapatsa malo mpaka mtendere utabwerera pambuyo pa pangano la mu 1992. Chifundo chimenechi n'choyenera kulembedwa amene anachiona ndi maso akadali moyo.

Ndingawonjezere mishoni ya Mua imene inatsegulidwa mu 1902, malo a zachikhalidwe a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, sukulu ya sekondale ya Dedza ya mu 1951, ndi Ambuye Cornelius Chitsulo a dayosizi ya Dedza, Mmalawi woyamba kukhala episkopi wa mpingo wa Katolika. Zonsezi m'boma limodzi!

Chomvetsa chisoni n'chakuti chumachi chikuwonongeka ife tikuonerera. Pa miyala ina anthu alembapo mayina awo ndi makala pamwamba pa zojambula za makolo. Mitengo imene inkatchinga mapangawa ikuthera ku nkhuni ndi makala, moto wolusa nawo sulephera chaka ndi chaka. Sindikunyoza wootcha makala, pakuti njala ilibe manyazi. Koma nkhalango ikhoza kudzalidwanso, pamene chojambula cha Akafula chikafufutika chapita basi.

Tsono ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, khonsolo ya Dedza ndi aphunzitsi akulu agwirizane kuti mwana aliyense asanamalize Sitandade 8 akaone amodzi mwa malowa. Ambiri a ife tinaloweza mitsinje ya ku Ulaya pamene mbiri ya phiri la kuseri kwa nyumba sitinaimve. Chachiwiri, nthambi ya boma yosunga zinthu zakale ilembe ntchito achinyamata a m'midzi yozungulira kuti akhale alonda ndi operekeza alendo, ndipo gawo la ndalama zimene alendowo amapereka lizitsala m'mudzi. Munthu saotcha nkhokwe imene amadyamo. Chachitatu, mafumu athu, a Kachindamoto, a Kachere, a Kasumbu, a Tambala ndi anzawo, aitane nkhalamba zawo kuti zifotokoze zimene zikudziwa, ophunzira azilemba m'Chichewa. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalo limauma.

Izi sizifuna kudikira thandizo lakunja. Zikufuna kuti eni ake a Dedza ayambe ndiwo kulemekeza kwawo, chifukwa mlendo salondera manda a eni.