Gitala yofiira imene inasowetsa anyamata tulo

Sabata ino tiyambe ndi mnyamata amene anapsereza wailesi ya makolo ake. Dzina lake ndi Mark Knopfler, yemwe pambuyo pake anadzatsogolera gulu loimba la Dire Straits. Ena mwa inu mumandilembera makalata kupempha nyimbo zake ku wailesi, koma nkhani iyi mwina simunaimvepo.

Mkuluyu anabadwa m'chaka cha 1949 ndipo anakulira kufupi ndi mzinda wa Newcastle ku England. Ali mwana wasukulu mtima wake unali pa chinthu chimodzi basi, gitala yamagetsi yofiira yotchedwa Fender Stratocaster. Ankaima pa windo la sitolo yogulitsa zoimbira n'kumangomeza mate. Mwini wake amati ngakhale fungo la kabuku kosonyeza magitala a Fender amalikumbukira.

Bambo ake ndalama ya Fender analibe. Anamugulira gitala yofiira ndithu, koma ya mtundu wina wotchedwa Höfner, pa mtengo wa mapaundi 50. Mwana poona kuti bambo adzipanikiza kale, anachita manyazi kupemphanso chokuzira mawu. Anatenga waya n'kulumikiza gitala ija ku wailesi ya m'nyumba, wailesi n'kupsa. Inu amene munaonapo bambo akuchokera kudimba kuti amve nkhani zamadzulo n'kupeza wailesi ili zii, mukudziwa mmene kunja kumadera tsiku lotero.

Nanga chilakolako chimenechi anachitenga kuti? Anachitenga kwa Hank Marvin wa gulu la The Shadows. Kwa zaka zambiri nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma la Britain linkaletsa kuitanitsa katundu wambiri wochokera ku America, magitala omwe. Anyamata ankangoiona Stratocaster pa chithunzi cha chimbale cha Buddy Holly cha 1957. M'chaka cha 1959 woimba Cliff Richard anaganiza zomuitanitsira Marvin gitala kuchokera ku America komweko. Iwo ankasirira kaimbidwe ka James Burton, amene ankaimbira Ricky Nelson, ndipo anamva kuti amaimba Fender. Poona kabuku kaja anati munthu wotchuka chotere sangaimbe yotchipa, n'kusankha yodula koposa, yofiira, zitsulo zake zonyezimira ngati golide. Anadzazindikira mochedwa kuti Burton ankaimba ina, yotchedwa Telecaster. Anaitanitsa yolakwika! Koma m'chaka cha 1960 nyimbo yawo yopanda mawu, Apache, inakwera pamwamba pa nyimbo zonse ku Britain, ndipo ana ngati Knopfler anayamba kulota zofiira.

Chimene chimandiseketsa ine monga munthu wa pa wailesi n'chakuti mwini dzinali, Leo Fender, sankadziwa kuimba gitala. Anali wokonza mawailesi m'tauni ya Fullerton ku California. Oimba ankabwera kwa iye ndi zokuzira mawu zowonongeka, iye n'kumamvetsera madandaulo awo. Stratocaster anaitulutsa m'chaka cha 1954. Ilibe mphako ngati magitala amene tinawazolowera kuno, ndi thabwa lokhalokha. Pansi pa nsambo pali tizipangizo titatu, kalikonse ndi maginito okulungidwa ndi waya wopyapyala wa mkuwa. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginitowo pamabadwa mphamvu yochepa yamagetsi, imene imayenda m'waya kukafika ku chokuzira mawu. N'chifukwa chake gitala yotere payokha imangonong'ona, munthu ali pakhonde sangaimve.

Koma pa onse amene ndawawerengapo, amene amandikhudza mtima ndi Buddy Guy, munthu wakuda wobadwa mu 1936 m'dera la Louisiana. Makolo ake ankalima thonje m'munda wa eni. Gitala yake yoyamba anapanga yekha, nsambo zake anachita kusolola pa sefa ya pa windo imene mayi ake anaika kuti itchinge udzudzu. Kodi zikusiyana pati ndi ana athu kuno ku Angónia kapena ku Tsangano, amene amaboola chigubu cha mafuta n'kumangapo waya wa buleki ya njinga? Atakula anapita ku Baton Rouge, kumene anaona munthu wotchedwa Guitar Slim akuimba Stratocaster yolumikizidwa ku waya wautali kwambiri, kotero kuti ankayenda nayo pakati pa anthu nyimbo ili mkati. Guy anachoka pamenepo atatsimikiza ntchito imene adzagwire. Mu 1957 anasamukira ku Chicago atalonjeza mayi ake kuti adzawagulira galimoto ya madonthomadontho. Mayiwo anamwalira lonjezo lisanakwaniritsidwe, ndipo pambuyo pake iye anayamba kuimba Stratocaster ya madonthomadontho powakumbukira.

Tsono mawu pang'ono kwa inu anyamata a makwaya ndi mabandi amene mukusonkha ndalama za mbatatesi ndi chimanga kuti mukagule gitala ku Tete, ku Blantyre kapena kutumiza mbale wa ku Joni. Dzina lolembedwa pamutu pa gitala lisakupusitseni, pakuti aliyense angathe kumata chilembo. Fender yeniyeni ndi yodula. Kampaniyi ili ndi mtundu wake wotsikirapo mtengo wotchedwa Squier, umene unayamba kupangidwa ku Japan mu 1982, ndipo palibe chamanyazi kuyambira pamenepo. Wina akakuonetsani Fender yatsopano pa mtengo wa mbuzi imodzi, dziwani kuti pali chinyengo. Musalipire musanailumikize n'kuimva. Yang'anani khosi lake ngati lili lowongoka, tembenuzani kabatani kosinthira tizipangizo titatu tija kuti mumve ngati tonse tikulira. Ndipo muwerengere limodzi ndalama ya chokuzira mawu ndi ya batire, poti midzi yathu yambiri magetsi sanafikebe. Wailesi ya bambo muisiye.

Knopfler uja anadikira mpaka chaka cha 1977, ali ndi zaka pafupifupi 28, kuti agwire Stratocaster yakeyake. Sinali yatsopano, inapangidwa mu 1961. Panthawiyo anali atapeka kale nyimbo ina pa gitala yosalira magetsi, koma ankaiona ngati yozizira. Atayesa nyimbo yomweyo pa Fender ija anamva kuti yadzuka, n'kuisintha mayendedwe. Inatuluka mu 1978, dzina lake Sultans of Swing. Ndidzaiika Loweruka madzulo, mudzatchere khutu kumapeto kwake pamene zala zimathamanga.