Dzina la pa Nsapato Sililima Munda

Mwezi wa Okutobala, pamene Ansenga asonkhana pa mwambo wa Tuwimba kwa Mfumu Yaikulu Kalindawalo ku Petauke, amalonda nawonso amayala nsapato zolembedwa Nike ndi Adidas m'mphepete mwa njira. Anyamata a ku Kaumbwe ndi a ku Nyimba amathira pomwepo ndalama za cimanga, angakhale kuti zina mwa nsapatozo n'zonyengezera ndipo zimasomphoka mvula isanathe.

Wogula wanzeru ayambe wayang'ana kumapazi a wogulitsayo. Iye amaswera tsiku lathunthu m'mapatapata, pakuti adziwa kuti pa dzuwa lotere phazi lifuna mphepo, osati dzina.

Komabe mapatapata ali ndi malire ace. Dzinja likafika sachinjiriza mlimi ku minga kapena ku njoka, ngakhale ku tizilombo toyambitsa njoka za m'mimba, timene timaboola khungu la phazi m'dothi lonyowa ndi kucepetsa magazi m'thupi.

Motero mlimi athange wagula jombo za kumunda ndi nsapato za ana a sukulu. Zonyadira pa mwambo zidikire kufikira feteleza atalowa m'nyumba.