Lamba wa wotchi yodula akaduka, musathamangire kowotcherera

Abale anga a pamsewu, amayi a geni ndi madalaivala, lero ndikufuna tikambe za kanthu kakang'ono komwe kakutayitsa anthu ndalama kuno ku Mutare. Lamba wachitsulo wa wotchi yodula akaduka, ambiri amathamangira kwa wowotcherera kapena kugula supaguluu pa Sakubva. Ine ndikuti ayi. Bola wotchiyo igone m'thumba mwezi wathunthu kusiyana n'kuikonza mothamanga.

Chifukwa chake nachi. Kwa ambiri a ife wotchi yabwino si yongoonera nthawi. Amene anaona ndalama ya Zimbabwe ikusanduka mapepala mu 2008, kapena kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amadziwa chifukwa chake munthu amasunga chuma mu katundu. Seiko, Tissot, Omega kapena Rolex ya orijino imakhala chikole tsiku lomwe katundu wagwidwa pa Forbes ndipo m'thumba mwauma. Tsono wogula wodziwa zinthu sayang'ana nkhope ya wotchi yokha. Amaitembenuza, n'kuona lamba ndi chotsekera chake, n'kuwerenga malinki. Akangopeza chipsera cha moto kapena guluu wouma, mtengo amaudula pomwepo, mwinanso n'kuyamba kukayikira kuti wotchi yonse ndi feki.

Choyamba dziwani chomwe chaduka, chifukwa nthawi zambiri si lamba weniweniyo.

Malo oyamba ndi pomwe lamba amalumikizana ndi mutu wa wotchi. Pamenepa pali kapini kokhala ndi sipuling'i mkati. Kakatha mphamvu kapena kupindika, lamba amangosomoka. Vuto ili ndi lotchipa, ndipo wokonza mawotchi aliyense m'tauni, kaya mu Herbert Chitepo Street, angathane nalo. Chofunika ndi saizi. Mawotchi ambiri aamuna mpata wake ndi mamilimita 18, 20 kapena 22. Kapini kafupi kapena kowonda kamagwira lero, mawa wotchi ili pansi pa thiraki. Musinthe timapini tonse tiwiri nthawi imodzi, poti tinakalamba limodzi.

Malo achiwiri ndi pakati pa malinki. Malamba ena amagwidwa ndi timapini tokhomera. Mukayang'ana mkati mwa lamba muona timivi tosonyeza komwe kapini kamatulukira, ndipo pobwezera kamalowa mobwerera. Seiko zambiri zili ndi kapini komanso kapaipi kakang'ono zedi kogwira kapiniko. Kapaipi kameneka kakagwa osakuona, kapini kazingotuluka ngakhale mukhomere chotani. Rolex ndi mawotchi ena odula amagwiritsa ntchito timasikuluwu. Munthu akatenga hamala n'kuyamba kukhoma sikuluwu ngati kapini, mazinga a mkati amatha ndipo linki yonse yawonongeka. Mukaona wokonza watenga hamala asanayang'ane m'mbali mwa lamba, tengani wotchi yanu muzipita.

Malo achitatu ndi chitsulo chenichenicho kung'aluka, makamaka pa chotsekera. Apa ndiye pamene anthu amalakwitsa kwambiri. Malamba ambiri abwino ndi a chitsulo chosachita dzimbiri cha 316L, pamene Rolex amagwiritsa ntchito 904L. Chitsulo chotere mtovu wowotcherera mawailesi sugwira bwino, ndipo makina owotcherera mageti amachipsereza n'kuchisintha mtundu. Choipitsitsa, ena amawotcherera lamba ali pa wotchi. Kutenthako kumawononga timalabala totchinga madzi ndi mafuta a mkati mwa makina. Mwapita ndi vuto la lamba, mwabwera ndi wotchi yolowa nkhungu. Ntchito iyi imafuna makina a laser omwe amatenthetsa kadontho kokha, ndipo amapezeka kwa osula ndolo ndi mphete akuluakulu, makamaka ku Johannesburg. Funsani kaye ngati ali nawo, ndipo lamba achotsedwe pa mutu asanamukhudze.

Ndikudziwa zomwe ena munene. Dalaivala ali pa mzere wa Forbes masiku awiri, kapena akudikira kulonga mafuta ku Feruka, alibe nthawi yosaka katswiri. Zoona. Ngati wotchi yanu ndi ya madola 10 ya pamsika, imateni ndi guluu, palibe chotayika. Komanso sindikunyoza anyamata okonza mawotchi m'makhonde. Batire ndi timapini amazidziwa bwino, ndipo nawonso akusaka ya ndiwo. Koma wotchi ya madola 500 kapena 5,000 ili ndi njira ina yosavuta: gulani lamba wa nsalu kapena wachikopa wa saizi yomweyo, valani ameneyo paulendo, wachitsuloyo mumukulunge m'kapepala ka pulasitiki pamodzi ndi tizidutswa tonse. Mwataya ndalama yochepa, chuma chanu chili chonse.

Chenjezo lina ndi la kusinthanitsa. Wina akakuuzani kuti lamba wanu watha, akupatsani watsopano wonyezimira ndipo wakaleyo musiye, kanani. Lamba wa orijino, ngakhale woduka, amaposa watsopano wa feki kutali. Malinki omwe anachotsa pochepetsa lamba tsiku logula nawonso ndi ndalama, asungeni. Musanasiye wotchi kwa aliyense, ijambuleni pa foni mbali zonse, nambala yake ndi zolemba za mkati mwa chotsekera, muwerengenso malinki iye akuona. Lisiti yogulira muziyenda nayo, imathandizanso pa boda akafunsa ngati wotchiyo ndi yanu kapena ndi malonda.

Kupewa kuliponso. Lamba sakhwepa chifukwa chokokedwa ayi. Fumbi ndi thukuta zimalowa pakati pa malinki n'kumadya timapini pang'onopang'ono ngati sandipepa. Mutsukeni ndi mswachi wakale, sopo pang'ono ndi madzi ofunda, makamaka mukachokera ku Beira komwe kuli chinyontho cha mchere. Ngati simukutsimikiza kuti wotchi yanu simalowa madzi, chotsani kaye lamba. Musavale lamba wogwejema, chifukwa kugwedezeka kwa chiwongolero tsiku lonse kumamasula timasikuluwu. Ndipo pomanga tenti, pokoka malamba a katundu, posintha tayala kapena ponyamula mabelo a kaunjika, vulani wotchi muike m'thumba lotseka. Apa ndi pamene malamba ambiri amakodwa n'kuduka.

Katundu wa eni timamusamala mpaka akafike bwino ku Blantyre, Lusaka kapena Harare. Wathu yemwe tavala pamkono tizimusamala chimodzimodzi. Muyende bwino nonse, ndipo amene mukutsika Christmas Pass ndi katundu wolemera, mabuleki muwayese kaye.