Mapapo athu si malo oyesera katundu

M'mizinda mwathu mwafika nzeru yachilendo imene ndikufuna kulimbana nayo lero. Ati munthu akafuna kugula vape, kandudu kamagetsi kaja kosuta n'kutaya, ayambe wasanduka wapolisi. Atembenuze bokosi, awerenge tizilembo, akande nambala, afunse foni yake. Akapusitsidwa, ati tsoka ndi lake, bwanji sadayang'anitsitse. Wogulitsa wasamba m'manja, woitanitsa katundu wasamba m'manja, mlandu wonse wagwera mnyamata amene wapereka ndalama zake. Ine nzeru imeneyi ndikuikana. Zizindikiro zodziwira feki zilipo ndithu, ndipo ndizitchula pano kuti aliyense azidziwe. Koma ndinenetsa kuti zizindikirozo zimagwira mbava yaulesi yokha. Mbava yakhama imadutsa, ndipo katundu wake amakayesedwera m'mapapo mwa ana athu.

Tiyambe ndi kanthuko. M'kati mwa kapulasitiki kowala kaja muli zinthu zitatu: kabatire ka lithium, kawaya kamene kamatentha mukakoka mpweya, ndi thonje lonyowa ndi madzi. Madziwo ndi osakaniza propylene glycol, glycerine, zonunkhiritsa za mango kapena mavwende, ndi nikotini, chikonga chomwe chija cha m'fodya. Zonsezi n'zomatira, sizitsegulidwa. Mayi akamagula chambo pamsika amachiyang'ana m'maso, amachinunkhiza. Nsapato ya pakaunjika mumayamba mwaivala n'kuyenda nayo pang'ono. Nanga vape mumaiyesa bwanji? Chimene maso anu amaona ndi katoni ndi utoto basi. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, komatu nkhuyu mumatha kuing'amba musanadye. Iyi mumaidziwa italowa kale m'chifuwa.

Ndudu yamagetsi ya masiku ano adaiyambitsa Hon Lik, katswiri wa zamankhwala wa ku China, m'chaka cha 2003, ndipo mpaka lero mavape ambiri padziko lapansi amapangidwa mumzinda wa Shenzhen ndi madera ouzungulira. Maina otchuka ngati Elf Bar, Lost Mary ndi Geek Bar ndi a makampani a ku China komweko. Dzina likatchuka, akuba dzina amaunjikana ngati ntchentche pansomba. Amatenga kabatire kotchipa, madzi osadziwika kophikidwa, n'kusindikiza bokosi lofanana ndi la eni ake. Katunduyo ndiye amadutsa m'manja mwa anthu asanu kapena khumi asanafike pashelefu, ndipo womalizayo, ukam'funsa, yankho lake ndi limodzi: "Bwana, iyi ndi orijino."

Nazi tsono zizindikiro zija. Choyamba ndi mtengo. Kanthu kamene ena onse akugulitsa mtengo wofanana, wina akakupatsani theka lake, musaganize kuti wakukondani. Chachiwiri ndi bokosi. Zilembo zachimbuuzi, Chingerezi cholembedwa molakwika, utoto wa bokosi wosiyana ndi wa kanthu kam'kati, zonsezi ndi mbiri yoipa. Bokosi la kampani yodzilemekeza limanena dzina ndi keyala ya wopanga, nambala ya gulu limene kanthuko kadapangidwira, tsiku, kuchuluka kwa nikotini, ndi chenjezo loti nikotini imazoloweretsa. Chachitatu ndi chomatira. Kanthuko kayenera kukhala m'kathumba kotsekedwa, kali ndi zotsekera zake za labala. Madzi akakhala kuti adontha kale, kapena bokosi likuoneka kuti lidatsegulidwapo n'kumatidwanso, kasiyeni pomwepo.

Chachinayi ndi nambala yokanda, yonga ya pakhadi la mayunitsi a foni. Makampani akuluakulu amaika nambala yotere kuti wogula akailembe patsamba lawo la pa intaneti. Tsambalo likayankha kuti nambalayo siliidziwa, kapena kuti idafufuzidwapo kale kambirimbiri, dziwani kuti wina adaikopera pamabokosi ambiri. Chachisanu ndi masamu. Ku Britain ndi m'maiko a European Union lamulo sililola nikotini yoposa mamiligalamu 20 pa mililita imodzi, ndiye kuti 2 peresenti, ndipo kathanki sikayenera kuposa mamililita 2. Madzi otere amatha munthu akakoka pafupifupi ka 600. Choncho bokosi likamadzitama kuti ndi la msika wa ku Britain koma lalemba 5 peresenti, kapena likulonjeza kukoka ka 5,000 m'kathanki kamodzi komata, likunama penapake. Onjezani ichi: kuyambira pa 1 June 2025, kugulitsa mavape osuta n'kutaya n'koletsedwa ku Britain. Wokuuzani lero kuti wake wangotsika kumene kuchokera m'sitolo za ku London, m'funseni kuti sitolo yake iti.

Mwamva zonsezi, abale anga. Tsono ndikufunseni: mbava imene yatha kupanga kabatire, kawaya ndi pulasitiki, ingalephere kusindikiza katoni? Makina osindikizira sakhala ndi kampani imodzi. Chingerezi cholakwika chimakonzedwa tsiku limodzi. Nambala yokanda nayo ili ndi msampha wake. Achinyengo amasindikiza kachizindikiro kawo ka QR, foni yanu ikakawerenga imakutengerani kutsamba limene adamanga okha, lofanana ndi la kampani, ndipo tsambalo limakuyamikirani kuti mwagula chenicheni. Ndiye kuti mwafunsa mbava ngati ili mbava, iyo n'kukuyankhani kuti ayi. Njira yokha ndi kulemba nokha keyala ya tsamba la kampani, osadalira kachizindikiroko. Koma tinene zoona: ndi wogulitsa uti amene angakuloleni kukanda bokosi musanalipire? Ndipo ndi angati mwa ogula, usiku pakhomo pa bala, ali ndi bandulo ndi mtima woleza wochitira zonsezo?

Kudalira bokosi kudapha kale anthu. M'chaka cha 2019 ku United States kudabuka matenda a m'mapapo pakati pa osuta mavape. Pofika February 2020, bungwe la zaumoyo la CDC lidawerenga odwala 2,807, ndipo 68 adamwalira. Ofufuza adaloza kwambiri mafuta otchedwa vitamin E acetate, amene ogulitsa mozemba ankathira m'mavape a chamba kuti madzi achuluke. Ambiri mwa odwalawo adatchula dzina limodzi la pabokosi, Dank Vapes. Atalondola adapeza kuti mabokosi a dzinali ankagulitsidwa opanda kanthu pa intaneti, aliyense n'kumathiramo zake. Bokosi lidali lokongola, zilembo zake zowongoka. Wogula akadaliyang'ana tsiku lonse sakadaona mafutawo.

Wina anena kuti amenewo adali a chamba, ife timasuta a mango. Chabwino. Mu 2023 a BBC adatenga mavape 18 olandidwa kwa ana pasukulu ina ya sekondale ku Kidderminster, ku England, n'kukawayezetsa ku labotale. Ambiri adali olowa m'dziko mozemba malamulo, osayezedwa ndi wina aliyense, ndipo mudapezeka mtovu, nickel ndi chromium zoposa muyezo. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, ndipo sununkha, suwawa, sulembedwa pabokosi. Palibe nambala yokanda imene ingakuuzeni za mtovu. Amaupeza ndi makina a mu labotale, ndipo mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Kawale alibe labotale m'thumba.

Ndiponso tisapembedze liwu loti orijino. Mu February 2023 masitolo akuluakulu a ku Britain, monga Tesco ndi Sainsbury's, adachotsa pashelefu mavape ena a Elf Bar 600 zitadziwika kuti adali ndi madzi oposa mamililita 2 ololedwa. Amenewa sadali a akuba dzina. Adachokera kwa eni dzina, ndipo kampaniyo idavomera n'kupepesa. Adagwidwa chifukwa wina adawatsegula n'kuyeza, ndipo padali lamulo loyezerapo. Pamene palibe woyeza, orijino ndi feki amasiyana pa malonjezo okha.

Onani zimene maiko ena achita. India idaletsa ndudu zamagetsi mu 2019. Australia idaletsa kuitanitsa mavape osuta n'kutaya kuyambira January 2024. Belgium idaletsa kuwagulitsa pa 1 January 2025. Ngakhale China mwini wake, kuyambira October 2022, salola kugulitsa m'dziko mwake mavape onunkhira zipatso, amalola a fungo la fodya okha, koma mafakitale akupitiriza kupangira maiko akunja. Taganizani bwino pamenepa. Wophika wakana kuti ana ake adye, koma mbale akutumiza kwa anansi. Ndipo wamalonda aliyense amadziwa kuti katundu akatsekeredwa khomo kwina amafuna kolowera kwina. Madzi amatsata kotsika. Dziko limene lasiya ntchito yonse m'manja mwa wogula ndilo kotsikako.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ife Amalawi kuyeza fodya timakudziwa. Mlimi wa ku Kasungu kapena ku Dowa akafika ndi belo lake la bale kumsika wa Kanengo, Chinkhoma, Limbe kapena Mzuzu, belolo limatsegulidwa. Amaligwira, amalipatsa giredi, amafufuza ngati sadabise masamba oipa pakati, ndipo akapezamo pulasitiki kapena zinyalala zina limabwezedwa. Dzina la mlimi ndi nambala yake zili pomwepo, sangathawe. Timachita zonsezi kuti wogula wakunja asadandaule. Nanga bwanji chikonga chikamalowa m'dziko chili m'kapulasitiki, chikupita m'chifuwa cha mwana wa mlimi yemweyo, tikuti mwanayo adziyezere yekha? Moyo wa wogula wakunja ndi wa mtengo wapatali kuposa wa kuno?

Ndikudziwa chimene osuta akuluakulu anene. Ati vape yawathandiza kusiya ndudu, ndipo azaumoyo a ku Britain amanena kuti kwa munthu wamkulu wosuta kale, vape ndi yocheperako kuopsa poyerekeza ndi ndudu. Sindikutsutsa. Koma mawu amenewo amanena za katundu wolembetsedwa ku boma, wodziwika zam'kati mwake, ndipo azaumoyo omwewo amati wosasuta asayambe n'komwe. Sanena za kanthu kogulidwa m'buti ya galimoto. Ngati mukufunadi kusiya fodya, inu ndi amene muyenera kufuula kuposa ine kuti katunduyu aziyezedwa, chifukwa feki angakhale ndi nikotini yoposa imene yalembedwa, n'kukumangani goli lolemera kuposa limene mumafuna kuvula. Mutu kuzungulira, nseru, mtima kuthamanga mutangokoka pang'ono, thupi likukuuzani zimene bokosi lidabisa.

Tidaziona kale zotere ndi mowa wa m'masacheti. Udali wotchipa, wolowa m'thumba la yunifomu, ndipo tidadikira mpaka ana asukulu ataledzera m'kalasi boma lisadauletse. Vape nayo ndi yaing'ono, imanunkhira switi, siisiya fungo la utsi pamalaya, mphunzitsi ndi kholo sangaidziwe msanga. Mu 2023 Malawi adalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya, ndipo mwa zina panganolo limafuna kuti ana asagulitsidwe fodya. Kusaina n'kosavuta. Ntchito ili pachipata ndi pashelefu.

Choncho ndikupempha zinthu zinayi, ndipo palibe chovuta. A Malawi Bureau of Standards alengeze poyera, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, muyezo wa nikotini ndi zimene bokosi liyenera kunena, ndipo azitola mavape m'masitolo n'kumawayeza, zotsatira zake tiziwerenga m'nyuzi. A MRA pa Mwanza, Dedza, Mchinji, Songwe ndi m'mabwalo a ndege asalole katundu wopanda dzina ndi keyala ya womuitanitsa, munthu wa m'dziko muno amene tingam'peze zikavuta. A Competition and Fair Trading Commission aziona wogulitsa feki ngati wonyenga ogula, ndipo mawu oti "inenso ndidangooda" asakhale pothawira. Pomaliza, wogulitsa kwa mwana alandidwe chiphaso.

Kwa inu ogula, pamene tikudikira, gwiritsani ntchito zizindikiro zisanu zija, pakuti safunsa adadya phula. Gulani m'sitolo imene mawa mudzaipeza pomwepo, funsani lisiti, funsani kumene adaoda. Wogulitsa akakwiya ndi funso, wakuyankhani kale. Kanthuko kakatha musakaponye pamoto wa zinyalala, kabatire kaja kamaphulika. Koma musalole wina akunamizeni kuti mukakanda bokosi ndiye kuti mwatetezeka. Timakhoma misonkho kuti pakhale anthu, makina ndi malamulo oyeza zinthu zimene maso sangaone. Amene akulandira malipiro a ntchito imeneyo aigwire.