Mau a Malonda a pa Foni

Amai ambiri a ku Kabwata ndi ku Chelstone tsopano akugulitsa zitenje ndi salaula pa WhatsApp ndi Facebook, popanda kulipira malo pa City Market. Nkwabwino ndithu. Koma malonda amenewa ali ndi mau ake, ndipo wosawamvetsa amadya mpamba osadziwa.

Tiyambe ndi "oda". Pa Soweto, kuoda ndiko kugula katundu wambiri kuti ukagulitsenso. Pa intaneti, oda ndi pempho la wogula, ndipo pempho si ndalama ai. Musathamangire ku Kamwala kukagula nsapato cifukwa cakuti wina walemba kuti "ndisungireni".

"Stock" ndi katundu amene ali m'manja mwanu lero, osati cithunzi cobwereka kwa mnzanu.

Liu limene lagwetsa ambiri ndi "delivery". Mnyamata wa njinga yamoto wocoka m'tauni kupita ku Woodlands kapena ku Kabulonga sadya zikomo. Mukalemba "free delivery", dziwani kuti wolipira ndinu, ndipo ndalamazo zicokera pa phindu lanu. Nenani poyera: mtengo wa katundu ndi uwu, wa ulendo ndi uwu. Cizolowezi colemba "inbox for price" ine sindicikonda. Wogula amaganiza kuti mtengo umayang'ana nkhope.

Ndiye pali "proof of payment". Cithunzi ca uthenga cimene wogula wakutumizirani cingathe kukhala cabodza. Tsegulani Airtel Money kapena MTN MoMo yanu, muone ngati ndalama zalowadi, kenaka mupereke katunduyo.