Kiyi yakana kusungika, ndipo wofunsa palibe

Alamu anga ndi akalipentala ku Kalingalinga, kufupi ndi Alick Nkhata Road. Mwana wao anawapangira website pa WordPress kuti makasitomala aziona mipando pa foni ndi kulipira ndi mobile money. Zinayenda bwino mpaka plugin yolandirira ndalama inacita update.

Kampani yolipirirapo imapereka API key, mzere wautali wa zilembo ndi manambala umene umaonetsa kuti ndalama ndi za shopu iyi. Mnyamatayo amaika kiyi m'kabokosi, adina Save, peji itsegukanso, kabokosi kali mbee. Anayesa mpaka bundle inatha. Popanda kiyi, kasitomala akadina kulipira palibe cicitika.

"Manje tizafunsa ndani, alamu?" anandifunsa. Funso lao ndilo nkhani yanga lero.

Tikuuzidwa kuti malonda apite pa intaneti, ndipo ZRA inayambitsa Smart Invoice mu 2024. Koma ma plugin ambiri aulere amalembedwa kunja, nthawi zina ndi munthu mmodzi amene amayankha akapeza mpata. Kampani ya ku Longacres ili ndi munthu wa IT wolipidwa. Shopu ya m'komboni idalira mwana wa sukulu, ndipo malaiti akapita nayenso waima. Ine ndiona kuti makampani amene amadya komishoni pa malipiro athu ayenera kukhala ndi plugin yao ndi nambala imene munthu amayankha.

Pa tsiku lacinai mnyamatayo anabwezera version yakale, kiyi inasungika. Mai wa ku Kabulonga amene anafuna tebulo anali atagula kale kwina.